Kodi munthu angakhale ndi mfundo zolimba popanda kuvala chidindo cha gulu lililonse?

Wofunsafunsa

Moni nonse a pagulu lino. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osayankhapo, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa zaka, ndipo ndikupempha kuti mundiyankhe mosapsatira mawu.

Kale ndinali m'gulu lina limene ndinkalikonda ndi mtima wanga wonse. Sinditchula dzina lake, chifukwa chimene ndikufuna kufotokoza chikhoza kuchitika m'gulu lililonse, kaya la ndale, la chipembedzo kapena la antchito. Tsiku lina pamsonkhano panabwera nkhani yochotsa mnzathu wina amene anafunsa poyera za mmene atsogoleri ankagamulira zinthu. Ine ndinkadziwa kuti funso lake linali loona, popeza ndinali nditadzifunsapo funso lomwelo mumtima. Wapampando atanena kuti onse ovomereza kuti munthuyo achotsedwe akweze manja, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona manja ali m'mwamba, ndipo langa nalo linakwera. Ndimakumbukirabe kuti silinakwere lonse. Linathera paphewa, chigongono chili chopinda, ngati kuti kukweza theka kukanachepetsa mlandu wanga. Wowerenga manja analiwerenga monga ena onse. Mnzathu uja anatenga chipewa chake pabenchi n'kutuluka osayang'ana munthu aliyense kumaso.

Patapita miyezi ingapo ndinachoka m'gulumo, ndipo kuyambira pamenepo ndinatsimikiza mtima kuti sindidzalolanso dzina la gulu kundiganizira. Munthu akandifunsa kuti ndili mbali iti, ndimamufunsa kuti akunena pa nkhani iti, chifukwa pa nkhani ya misonkho ndikhoza kugwirizana ndi awa, pa nkhani ya chilango cha imfa n'kugwirizana ndi awo, ndipo pa nkhani ina n'kusagwirizana ndi aliyense. Sindivomereza chiphunzitso chimene chimaletsa kufunsidwa mafunso, ngakhale chitachokera kwa munthu amene ndimamulemekeza kwambiri. Ndimayesetsa kuti pa chilichonse chimene ndimakhulupirira ndizitha kutchula umboni umene ungandisinthe maganizo nditauona. Ndikalephera kuutchula, ndimadziwa kuti chinthucho sindikuchigwira ine, koma ndi icho chimene chandigwira.

Moyo umenewu wanditayitsa abwenzi. Ena amanditcha mthirakuwiri, ena amati ndine wamantha, ndipo wina anandiuza m'maso muli gwa kuti munthu wopanda mbali ndi munthu wopanda msana. Funso langa kwa inu ndi lakuti, kodi zimene ndikuchitazi n'kuganiza mwaufulu, kapena ndangopeza njira yaulemu yothawira udindo?

Mphunzitsi Wopuma

Bambo Wofunsafunsa, zikomo chifukwa chotiululira za dzanja lanulo, pakuti ambiri a ife tinakwezapo dzanja lotero koma sitinena. Ndiyambe ndi mayina a ndalewo, chifukwa anthu amawalemekeza ngati kuti anagwa kuchokera kumwamba. Mawu akuti "a kumanzere" ndi "a kumanja" anayamba m'chaka cha 1789 ku France, pamene nyumba ya malamulo ya nthawi ya kuukira ufumu inkakangana ngati mfumu iyenera kukhala ndi mphamvu yokana malamulo opangidwa ndi nyumbayo. Amene ankafuna kuti mfumu ikhalebe ndi mphamvuyo anasonkhana kudzanja lamanja la wapampando, otsutsa anakhala kumanzere. Anali makhalidwe a pamipando m'chipinda chimodzi, pa mkangano umodzi, ndipo lero, patatha zaka zoposa 200, tikuyembekezera kuti mawu awiri omwewo atiuze zoyenera kuganiza za mankhwala, za nyengo, za maukwati ndi za malire a mayiko.

Mayinawo sakhazikikanso. Ku United States munthu akatchedwa "liberal" ndiye kuti amapendekera kumanzere, koma ku Australia chipani cha Liberal ndicho chachikulu cha kumanja. Chipani cha Republican cha ku United States chinakhazikitsidwa mu 1854 ndi anthu okana kufalikira kwa ukapolo, ndipo kwa zaka zambiri anthu akuda amene ankatha kuvota ankachivotera chifukwa cha Abraham Lincoln, pulezidenti wa chipanicho amene anamasula akapolo, pamene lero ambiri a iwo amavotera chipani chinacho, cha Democratic. Dzina ndi lomwelo, katundu wam'kati anasinthidwa.

Za dzanja lanu, pali kafukufuku amene Solomon Asch anachita ku America kuyambira mu 1951. Ankaika munthu m'chipinda pamodzi ndi anthu ena amene anapangana nawo mwachinsinsi, n'kuwaonetsa mzere umodzi papepala ndi mizere ina itatu, kuti anene wofanana nawo kutalika. Yankho linali loonekeratu kwa aliyense wa maso, koma opanganawo ankatchula dala yankho lolakwika mmodzimmodzi. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse anatsatira khamulo kamodzi kapena kuposerapo, kukana zimene maso awo ankaona. Chimene chimandikhudza kwambiri m'kafukufukuyu ndi chakuti pakapezeka munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira khamu kunkatsika kwambiri. Tsiku lija, bambo, mwina panali ena asanu a zigongono zopinda amene ankangodikira kuona dzanja limodzi lili pansi.

Mayi wa Chilungamo

Ine ndikusiyana nanu nonse awiri, ndipo bambo Wofunsafunsa mwapempha nokha kuti tisapsatire. Mapanga awiri avumbwitsa. Kuyankha kuti "pa nkhani iti" kumakoma pamene muli pamtendere, palibe amene akukulandani munda kapena kukutsekerani pakamwa. Munthu amene phazi lamuponda pakhosi alibe nthawi yosanthula nkhani imodziimodzi, amafuna kudziwa amene ali naye ndi amene sali naye. Desmond Tutu ankaphunzitsa kuti njovu ikaponda mchira wa mbewa, iwe n'kunena kuti sulowerera, mbewayo siingayamike kusalowerera kwakoko, chifukwa wasankha kale mbali ya njovu. Ngakhale ku Athens wakale, mzinda wa ku Greece, olemba monga Aristotle ndi Plutarch amanena kuti Solon, wokonza malamulo a mzindawo, anaika lamulo lakuti mzinda ukagawanika, nzika imene yakana kuima mbali iliyonse ilandidwe ufulu wake wa unzika. Ankadziwa kuti anthu abwino akadzipatula, bwalo limatsalira ouma mtima.

Taganiziraninso mmene zinthu zazikulu zimasinthira. Malonda a akapolo sanathetsedwe ku Britain ndi anthu oganiza mwaufulu aliyense ali m'chipinda chake. Mu 1787 amuna 12 anakumana ku London n'kukhazikitsa bungwe, ndipo 9 mwa iwo anali a mpingo wa Quaker, anthu a chikhulupiriro chosagwedezeka chakuti munthu sangakhale katundu wa mnzake. Thomas Clarkson anayenda m'madoko a Bristol ndi Liverpool kufunsa amalinyero ndi kutolera maunyolo oti anthu aone ndi maso awo, pamene William Wilberforce ankabweretsa nkhaniyo m'nyumba ya malamulo kambirimbiri n'kumagonja. Lamulo linadutsa mu 1807, patatha zaka 20. Kodi mukuganiza kuti m'zaka zonsezo ankagwirizana pa chilichonse? Anameza zosiyana zawo, anavala dzina limodzi, chifukwa chala chimodzi sichiswa nsabwe. Akanakhala kuti aliyense ankachoka pa tsiku limene wakhumudwa ndi mnzake, zombo zija zikanapitirira kuwoloka nyanja.

Choncho ine ndili ndi mbali, ndipo sindichita nayo manyazi. Chimene chinalakwika tsiku lija si chakuti munali m'gulu, koma kuti munali m'gulu n'kukhala chete.

Namwino wa Usiku

Ndikufuna kuyankhapo pa gawo la chiphunzitso chosafunsidwa, chifukwa pantchito yathu timakhala nacho pafupi kuposa mmene anthu amaganizira.

Ambiri ophunzira unamwino amamva za dokotala Ignaz Semmelweis. Ankagwira ntchito pachipatala chachikulu cha ku Vienna, pamene panali zipinda ziwiri zochiritsira amayi oyembekezera. M'chipinda cha madokotala ndi ophunzira awo amayi ankamwalira ndi malungo a pambuyo pochira kuposa kwambiri m'chipinda cha azamba. Iye anaona kuti madokotala ankachoka kong'amba mitembo n'kubwera kudzagwira amayi ndi manja omwewo, ndipo mu 1847 analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini. Mu Epulo chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 pa 100 alionse anamwalira m'chipindamo, koma m'miyezi yotsatira lamulolo chiwerengero chinatsika kufika pafupifupi 2 pa 100. Ngakhale zinali choncho, madokotala ambiri otchuka anakana, chifukwa zimene anaphunzira za chiyambi cha matenda zinali zosiyana, komanso chifukwa kuvomera kukanatanthauza kuti manja awo omwe ndiwo ankapha. Semmelweis anamwalira mu 1865 m'chipatala cha odwala misala, ntchito yake isanalandiridwe mokwanira.

Komabe, mayi wa Chilungamo ali ndi mfundo imene ndimaiona usiku uliwonse. Wodwala akayamba kubanika pakati pa usiku, ine sindikhala pansi kusanthula ngati ndondomeko imene tinaphunzitsidwa ili yoona. Ndimaitsatira monga momwe ilili, manja amathamanga mutu usanamalize kuganiza, ndipo ndi mmene moyo umapulumukira. Namwino amene angafune kuyesa yekha lamulo lililonse asanalitsatire ndi woopsa kuposa amene amangotsatira. Kusiyana kumene ndimakuona n'kwakuti malamulo athu ali ndi khomo. Umboni watsopano ukabwera, amasinthidwa, ndipo ine ndaona ndi maso anga zinthu zimene tinkachita ndili wophunzira zikuletsedwa, osati chifukwa wina waukira, koma chifukwa ziwerengero zinasonyeza kuti zinkavulaza. Lamulo limene ndimaliopa ndi lija lopanda khomo, limene wofunsa za ilo amasanduka mdani. Bambo Wofunsafunsa, ngati mukukana malamulo a mtundu wachiwiriwu ndili nanu, koma ngati mukukana kukhulupirira chilichonse chimene simunachiyese nokha, simudzamwa ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala.

Mkulu wa Mapemphero

Abale anga, ine ndine munthu wopemphera, ndipo ndikamva mawu akuti chiphunzitso chosafunsidwa ndimadziwa kuti ambiri akuloza kwa ife. Sindikana kuti m'dzina la chikhulupiriro anthu atsekedwa pakamwa. Galileo anazengedwa mlandu ku Rome mu 1633 chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, anakhala pa ukaidi wosachoka panyumba mpaka imfa yake mu 1642, ndipo zinatenga mpaka 1992 kuti Papa John Paul II avomereze poyera kuti oweruza aja analakwitsa. Zimenezo n'zoona ndipo n'zomvetsa chisoni.

Koma ndikufunseni, bambo Wofunsafunsa. Mwati pa chilichonse chimene mumakhulupirira mumatha kutchula umboni umene ungakusintheni maganizo. Ndi umboni wanji umene ungakuchititseni kuvomera kuti kuzunza mwana n'kwabwino? Ndi ziwerengero zanji zimene zingakukhutiritseni kuti kupereka mnzanu wosalakwa kulibe kanthu? Ngati palibe, ndiye kuti nanunso muli ndi zinthu zimene simuzibweretsa pabwalo m'mawa uliwonse kuti zizengedwe mwatsopano, ndipo n'zimenezo zimene zakusowetsani mtendere zaka zonsezi. Chikumbumtima chanu sichinadikire kafukufuku kuti chikuuzeni kuti dzanja lija linalakwa.

Munthu amene alibe chokhazikika chilichonse ndiye amatengeka mosavuta, chifukwa wodziwa kulankhula akhoza kumukokera kulikonse. Ndiponso mawu akuti "palibe chiphunzitso choyenera kulandiridwa popanda kufunsa" nawo ndi chiphunzitso, ndipo ndakumanapo ndi anthu amene amachigwira mouma mutu kuposa mmene ine ndimagwirira changa.

Wofunsafunsa

Ndawerenga mayankho onse kawiri, ndipo ena andilasa pamene pankafunika kulasidwa.

Akulu a Mapemphero, mwandigwira. Palibe umboni umene ungandivomereze kuzunza mwana, choncho mawu anga oyamba aja ndinawakulitsa mopitirira. Ndikuona tsopano kuti ndinasakaniza zinthu ziwiri. Pali zochepa zimene ndaimapo ngati maziko, monga kusanama pofuna kupambana mkangano, kusachitira munthu nkhanza chifukwa cha gulu limene akuchokera, ndi kusalanga munthu asanamvedwe. Zimenezi sindizigulitsa. Koma pamwamba pa mazikowo pali mafunso zikwizikwi okhudza mmene dziko limayendera, monga ngati lamulo lakutilakuti limachepetsa umbava kapena ayi, ngati kukweza msonkho wina kumathandiza osauka kapena kumawapweteka, ndipo mafunso amenewa amayankhidwa ndi umboni. Chimene ndimakana ndi chizolowezi cha magulu chotenga mafunso a mtundu wachiwiri n'kuwaveka ulemu wa mtundu woyamba, mwakuti ukakayika ngati njira ina ikugwira ntchito, amakuona ngati wakana chilungamo chenichenicho.

Mayi wa Chilungamo, sindinanene kuti sindilowerera. Njovu ikaponda mbewa ndidzanena kuti njovu yalakwa. Koma ndimafuna kukhala ndi ufulu wonenanso zomwezo tsiku limene wopondayo ndi wa kwathu, ndipo apa ndi pamene chidindo chimandimanga. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo mawuwo ndi oona pa za mayi, koma magulu amafuna kuti tiwakonde ndi chikondi chimenecho, pamene iwo sanatibereke. Ndinaona anthu akukalipa ndi ukali wonse pa cholakwa cha mbali ina, cholakwa chomwecho chitachitika kwathu n'kuyamba kufotokoza kuti nkhaniyo ndi yovuta, tisafulumire kuweruza. Inenso ndinachitapo zimenezo, ndipo sindinkanama dala, ndinkaonadi choncho. N'chifukwa chake ndimachiopa chidindo, pakuti sichiyamba n'kutseka pakamwa, chimayamba n'kusintha maso.

Pa za anthu a mu 1787 aja, ndikuona kuti akuchitira umboni mbali zonse ziwiri. Anagwirizana pa chinthu chimodzi chodziwika bwino, chothetsa malonda a akapolo, ndipo sanafune kuti a Quaker ndi a Anglican ayambe agwirizana pa za mapemphero. Mgwirizano wotere ndikhoza kuulowa lero lomwe. Umene ndimaukana ndi uja wobwera ndi mtolo womangamanga, wakuti ukalandira chimodzi walandira zonse makumi anayi zili m'katimo.

Wophunzira Chaka Chachitatu

Makolo anga, ndiloleni ndiikepo zimene takhala tikuwerenga m'kalasi, chifukwa zikugwirizana ndi mawu akuti chidindo chimasintha maso.

Henri Tajfel ndi anzake anachita kafukufuku ndi anyamata a sukulu ku Bristol, amene anasindikizidwa mu 1971. Anawaonetsa zithunzi zojambulidwa ndi Paul Klee ndi Wassily Kandinsky, n'kuwauza kuti awagawa m'magulu malinga ndi wojambula amene amukonda, pamene kwenikweni anawagawa mwachisawawa. Anyamatawo sankadziwa amene ali nawo m'gulu, ndipo panalibe mbiri ya chidani pakati pa maguluwo. Komabe atapatsidwa mwayi wogawa mphotho, ankakondera a gulu lawo, ndipo nthawi zambiri ankasankha kuti gulu lawo lipose linzake ngakhale pamene kutero kunkachepetsa zimene gulu lawolo likanalandira. Dzina lokha linali lokwanira.

Mu 2003 Geoffrey Cohen anasindikiza kafukufuku wina ku America. Anapatsa ophunzira ndondomeko ya chithandizo cha boma kwa osauka, ina yowolowa manja kwambiri, ina youmira kwambiri, n'kuwauza chipani chimene chikuigwirizana nayo. Ambiri anavomereza ndondomeko imene auzidwa kuti ndi ya chipani chawo, ngakhale inali yosemphana ndi zimene iwo amati amakhulupirira, ndipo atafunsidwa anakana kuti dzina la chipani lawakoka, ngakhale ankakhulupirira kuti anthu a mbali inayo amakokedwa nalo.

Koma pali china chimene chiyenera kutidetsa nkhawa ife okana zidindo. Ofufuza za zisankho ku America anaona kwa zaka zambiri kuti anthu ochuluka odzitcha oima paokha amapendekera ndithu ku chipani chimodzi, ndipo povota amachita mofanana kwambiri ndi amene amavomera poyera kuti ndi a chipanicho. Ndiye kuti munthu akhoza kuvula malaya a gulu koma gululo n'kukhalabe m'magazi. Ndikuopa kuti nthawi zina dzina lakuti "woganiza payekha" limasanduka chidindo chokoma kuposa zonse, chifukwa mwini wake amasiya kudzikayikira.

Namwino wa Usiku

Mfundo yomalizayi ndi yoona, achimwene. Wodwala wovuta kuthandiza si amene akudziwa kuti akudwala, koma amene watsimikiza kuti matendawo ndi a anthu ena.

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wanga Wophunzira, waponya mwala pamalo pake. Ndikufuna kuwonjezera nkhani imene imandionetsa mtengo wa chiphunzitso chopanda khomo, pobwereka mawu a anamwino athu, komanso kusonyeza kuti matendawa si a opemphera okha, pakuti boma limene ndikunenali linkadzitcha la sayansi ndipo linkakana Mulungu.

Nikolai Vavilov anali katswiri wa za mbewu ku Soviet Union. Anayenda m'mayiko ambiri kutolera mbewu za mitundumitundu, n'kuzisunga mumzinda wa Leningrad, ndi cholinga chakuti njala idzathe. Panabuka Trofim Lysenko, amene ankakana sayansi ya chibadwa cha zamoyo n'kumalonjeza zokolola zochuluka mwa njira zake, ndipo zonena zake zinakomera Stalin, mtsogoleri wa dzikolo, chifukwa zinkaoneka zogwirizana ndi chiphunzitso cha chipani. Mkangano umene unayenera kuthetsedwa m'munda, poyerekeza zokolola, unathetsedwa ndi zidindo, pamene sayansi ya Vavilov inatchedwa ya mabwana a chuma ndi adani a anthu wamba. Vavilov anamangidwa mu 1940 ndipo anamwalira m'ndende ku Saratov mu 1943 atafooka ndi njala, munthu amene anapereka moyo wake wonse kulimbana ndi njala. Mu 1948 chiphunzitso cha Lysenko chinalengezedwa kukhala chokhacho chololedwa, ndipo akatswiri ambiri anachotsedwa ntchito.

Koma mbali ina ya nkhaniyi ikuyankha a Mkulu wa Mapemphero mowavomereza. Pamene asilikali a Germany anazinga Leningrad kuyambira 1941 mpaka 1944, anthu osawerengeka akufa ndi njala, antchito a pamalo osungira mbewu paja anakhala akulondera mbewuzo, ndipo ena mwa iwo anafa ndi njala atazunguliridwa ndi mbewu zodyedwa zimene anakana kuzikhudza. Anthu amenewo anali ndi chinthu chimene sanachibweretse pabwalo kuti chizengedwe. Choncho m'dziko limodzi, pa nthawi imodzi, tikuona kuumirira kwa mitundu iwiri, kwina kopha, kwina kosunga moyo wa mibadwo yam'tsogolo. Kusiyana kumene ine ndikukuona n'kwakuti olondera mbewu aja anadzilipiritsa okha mtengo wa chikhulupiriro chawo, pamene Lysenko analipiritsa ena.

Karl Popper, amene anaphunzitsa kuti mfundo ya sayansi iyenera kukhala yotheka kutsutsidwa ndi umboni, anayamba kuganiza zimenezi chifukwa cha chinthu chofanana ndi dzanja lanu, bambo Wofunsafunsa. Mu 1919, ali mnyamata ku Vienna, anakopeka ndi chikomyunizimu kwa miyezi yochepa, mpaka tsiku limene apolisi anawombera anthu pa zionetsero ndipo ena anafa. Chimene chinamuwawa n'chakuti iye anali atavomereza, popanda kuchisanthula, chiphunzitso chimene chinkaona imfa zotere ngati mtengo woyenera kulipidwa. Sanasiye kusamala za osauka, koma anasiya kubwereketsa chikumbumtima chake.

Mayi wa Chilungamo

Aphunzitsi, nkhani ya mbewuyo yandikhudza, ndipo ndikuvomera kuti gulu limene silingadzudzulidwe ndi ana ake omwe layamba kale kuwola. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine m'gulu langa ndatsutsanapo ndi atsogoleri kangapo, ndagonja pa mavoti, ndabwerera kunyumba mtima ukuwawa, koma m'mawa mwake ndabweranso, chifukwa ndikachoka mpando wanga udzakhalidwa ndi wongovomera zilizonse. Apa ndi pamene ndikusiyanabe ndi bambo Wofunsafunsa, pakuti iwo akuona kuti ufulu uli kunja, pamene ine ndikuona kuti dzanja losakwera limafunika kwambiri m'kati mwa chipindamo, momwe manja amawerengedwa.

Koma tisiye kaye za France ndi za Vienna. Bambo, mwatiuza za chigongono chanu, za benchi ndi za chipewa. Simunatiuze ngati munapita kukamuona munthu uja.

Wofunsafunsa

Mayi, sindinapite. Ndakhala ndikuyang'ana funso lanu kwa nthawi ndithu ndisanayambe kulemba, chifukwa ndimafuna kupeza yankho lina, koma palibe.

Nditachoka m'gulumo ndinadziuza kuti kuchokako ndiye kupepesa kwanga, ndipo ndinayamba kuwerenga, kusanthula, ndi kumanga maganizo amene ndakufotokozerani aja. Sindikuwataya, ndikuonabe kuti mtolo womangamanga sindidzaulandiranso, ndipo pa za kukhala m'kati kapena kunja ndikufuna tidzakambiranenso, chifukwa simunandikhutiritse kwathunthu ndipo inenso sindinakukhutiritseni. Koma munthu uja sakudziwa chilichonse cha zimenezi. Chimene iye akudziwa n'chakuti tsiku lija anaona dzanja langa lili m'mwamba pamodzi ndi ena onse, ndipo sindikhulupirira kuti anaona kuti chigongono chinali chopinda. Tinakumanapo kamodzi pamsewu patatha chaka, iye anandipatsa moni mwaulemu, ine ndinayankha mothamanga ngati munthu wochedwa kwinakwake, pamene kunalibe kumene ndinkathamangira.

Nambala yake ndikadali nayo, ndipo ndayang'ana kumene m'foni kuti nditsimikize. Sindimulembera uthenga, chifukwa nkhani ngati iyi siyenera kufika m'malemba. Ndimuimbira mawa m'mawa kumupempha kuti tionane, ndipo akalola ndikamuuza kuti funso limene anafunsa tsiku lija linali loona, kuti ine ndinkadziwa kuti linali loona, ndiponso kuti ndinakweza dzanja.